Phingo pa Chikumbu cha Mpeni

M'Chichewa, liwu lakuti mtengo limasenza akatundu awiri. Mtengo ndi chomera cha mizu, thunthu ndi nthambi, komanso mtengo ndi ndalama imene wogulitsa watchula pamsika. Mbiri ya zikumbu za mipeni, zimene ambiri masiku ano amangozitcha zigwiriro, ndi mbiri ya mmene matanthauzo awiriwa adapatukirana: chitsa chidatsala kumene mtengo udamera, ndalama zidakakhazikika kutsidya kwa nyanja. Kachidutswa kathabwa kokwana m'chikhatho n'kakang'ono moti munthu angafunse kuti pali mbiri yanji pamenepo. Komatu kachidutswa kameneka kakwera zombo kwa zaka mazanamazana, kadzaza mosungira katundu ku Sheffield, ndipo lero kali m'malamulo a malonda a pakati pa mayiko. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chimatha mitengo yokongola si kuchuluka kwa mipeni ayi, koma diso la wogula wakutali limene limatola chimodzi n'kutayitsa zambiri, pamodzi ndi kayendetsedwe ka malonda kamene kamasiya mwini nkhalango chimanjamanja. Popeza vuto lagona pa kasankhidwe ndi kagawidwe ka phindu, kuchepa kwa chikumbu, kumene ena amabisalirako akafunsidwa, ndi kumenenso kungathandize kusunga mitengo ngati phingo.

Dzanja palokha silifuna zambiri. Wosula wakumudzi akamaliza kusula mpeni pachipala, amasiya kamchira kosongoka kumbuyo kwake. Amakaika pamakala mpaka kafiire, kenako n'kukabaya m'kamtengo kamene wasema kale. Utsi umafuka, fungo la thabwa lopserera limamveka, ndipo chitsulo chimadziboolera chokha njira mpaka kukhazikika. Kamtengoko sakafuna kutali. Chachikulu n'chakuti kasang'aluke, kasafumbwe msanga, ndipo kasaterere m'manja mwa thukuta kapena mwa magazi a mbuzi. Ndi mmene zakhalira kulikonse kumene mpeni ndi chida chogwirira ntchito. Munthu wakale amene mtembo wake udapezeka m'madzi oundana a m'mapiri a Alps mu 1991, yemwe adamutcha Ötzi, adakhalako zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, ndipo kampeni kake kamwala kadali ndi chikumbu cha ash, mtengo wamba wa kwawoko. Mipeni ya Opinel, imene Joseph Opinel adayamba kupanga ku Savoie mu 1890, yayenda dziko lonse ndi chikumbu cha beech, mtengo wosasowa ku France. Ophika a ku Japan, amene amasamala mpeni ngati mwana, akhala akukonda thabwa loyera, lopepuka ndi lopanda mawanga la mtengo umene amautcha ho. Nawo okapi, amene adayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902 kuti azigulitsidwa m'mayiko a mu Africa olamulidwa ndi Germany, ndipo kuyambira mu 1988 akupangidwa ku South Africa, chikumbu chake ndi thabwa la cherry lomwetsedwa utomoni. Mipeni yonseyi imadula, imasenda, imatumbula nsomba, popanda mtengo wosowa. Choncho pamene pawonekera thabwa lakutali pa chikumbu, tidziwe kuti walifuna si dzanja koma diso, ndipo diso lili ndi mbiri yakeyake.

Mbiriyo, kumbali ya thabwa lakuda, imayambira ku Egypt. Anthu a kumeneko adali ndi mtengo umene ankautcha hbny, ndipo ankauitanitsa kuchokera kummwera. Zithunzi zogoba pamakoma a kachisi wa mfumukazi Hatshepsut ku Deir el-Bahari, za zaka pafupifupi 3,500 zapitazo, zikusonyeza zombo zikubwerera kuchokera ku dziko la Punt zitasenza lubani, minyanga ya njovu ndi mtengo umenewu. M'manda a Tutankhamun mudapezeka mipando ndi mabokosi okongoletsedwa nawo, ndipo buku la Ezekieli limautchula pamodzi ndi minyanga pofotokoza za malonda a mzinda wa Turo. Akatswiri atapima zidutswa zakale za ku Egypt adapeza kuti mtengowo ndi Dalbergia melanoxylon, umene ife timati phingo, Aswahili amati mpingo, ndipo ku Mozambique amati pau-preto. Dzina lija lidadutsa m'Chigiriki ndi m'Chilatini mpaka kukhala ebony m'Chingerezi, koma pofika kumeneko lidali litasamukira ku mitengo ya banja lina, la Diospyros, ya ku India, Sri Lanka ndi zilumba zina. Lero amalonda amanena kuti phingo si ebony weniweni, chonsecho mwini dzina ndi iyeyo. Nkhani ya dzinayi si yaing'ono, chifukwa ikuonetsa kuti msika sudali kufuna mtengo wakutiwakuti. Udali kufuna kuda, ndipo kulikonse kumene kudako kudapezeka, dzina ndi nkhwangwa zidalondola komweko.

Aroma adawonjezapo chilakolako china, cha thabwa la mawangamawanga. M'mapiri a Atlas kumpoto kwa Africa muli mtengo wa thuya umene umatupa patsinde, ndipo chotupacho akachicheka mumaoneka timaso tambirimbiri topiringizana. Wolemba wa Chiroma Pliny adalemba kuti Mroma mnzake Cicero adagula tebulo limodzi la thabwa limeneli pa masesitasi 500,000, ndiponso kuti phiri limene linkatulutsa labwino kwambiri lidali litatha kale m'masiku akewo. Apa pali chinthu choyenera kuchimvetsa bwino, pakuti nkhani yonse yatsamira pomwepa. Kukongola kumene ogula amakufuna sikupezeka mu mtengo uliwonse wa mtundu umenewo. Timaso timachokera ku zotupa, mafunde onyezimira amachokera ku minyewa ya thabwa imene idakula mokhotakhota, mizere yakuda ya m'thabwa loyera imabwera ndi nkhungu pamene mtengo wayamba kuola. Amboyna, amene osula mipeni amamulemekeza kwambiri, ndi chotupa chabe cha mtengo wa ku Asia umene ndi mbale wake wa mlombwa wathu. Ku Java, opanga mipeni ya keris ankafunafuna thabwa la timoho lokhala ndi madontho akuda, ndipo kaonekedwe ka dontho lililonse kadali ndi dzina ndi tanthauzo lake. Thabwa lotere ndi mwayi wa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri munthu sadziwa kuti lilimo kufikira mtengo utagwa.

Zombo za Azungu zitayamba kuzungulira Africa, chilakolakocho chidapeza miyendo. Adatchi adakhala pa chilumba cha Mauritius kuyambira mu 1638 mpaka mu 1710, ndipo chachikulu chimene ankachitapo ndi kugwetsa ebony. Pochoka, mitengo ikuluikulu yofikirika idali itapululuka. Koma chimene chidasandutsa chikumbu kukhala katundu wa dziko lonse ndi mafakitale a mipeni. Ku Sheffield, kumene bungwe la osula la Company of Cutlers lidakhazikitsidwa mu 1624, kusula chitsulo idali ntchito ya anthu ena, kucheka ndi kumanga zikumbu ya enanso, ndipo mpeni umodzi unkagulitsidwa pa mitengo yosiyana kutengera chovala chake: fupa, nyanga ya ng'ombe, nyanga ya mbawala, chigoba chonyezimira cha m'nyanja, ebony, rosewood kapena mnyanga wa njovu. Kampani ya Joseph Rodgers and Sons idali ndi chipinda chapansi chodzaza minyanga chimene alendo ankapita kukaona. Apa ndi pamene mbiri ya mpeni wa patebulo la ku England ikukumana ndi mbiri yathu. M'zaka za m'ma 1800, amtengatenga a Chiyao ankasenza minyanga kuchokera ku madera ozungulira nyanja ya Malawi kupita ku Kilwa ndi madoko ena, ndipo Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 n'kumaolotsa minyanga ndi akapolo pa zombo zake. Minyanga ya m'njira zoterozo inkathera ku misika ya India, America ndi Ulaya, kumene inkasanduka zibangili, makiyi a piyano, mipira ya biliyadi ndi zikumbu za mipeni. Wodya nyama ku London sankaona unyolo. Ankangoona kuyera kosalala m'dzanja lake. Chikumbu chidali chaching'ono masiku amenewonso.

Ku America, mafakitale a mipeni adapeza wawo mtengo, cocobolo wa ku Central America, yemwenso ndi wa banja la phingo. Ali ndi mafuta akeake moti satupa ngakhale atsukidwe kangati, ndipo kufiira kwake kosakanikirana ndi mizere yakuda kumawala popanda vanishi. Ocheka ambiri fumbi lake linkawatulutsa ziwengo ndi kuwayabwa m'maso, koma malonda sadaime. Wina akadayembekeza kuti pulasitiki itseka nkhani yonseyi. Alexander Parkes adaonetsa pulasitiki yake yoyamba ku London mu 1862, John Wesley Hyatt adatulukira celluloid cha m'ma 1870, ndipo posakhalitsa mipeni ya patebulo ya ku Sheffield idavala zikumbu zotengera mnyanga, zina zojambulidwa ndi timizere tomwe kuti zifanane ndi weniweni. Pambuyo pake padabwera Micarta, yopangidwa ndi nsalu kapena mapepala omwetsedwa utomoni, yolimba kuposa matabwa ambiri ndiponso yosaopa madzi. Kumbali ya ntchito, thabwa lidagonja kalekale. Koma kugonjako kudangolikweza: pamene wosauka adapatsidwa pulasitiki, thabwa lenileni lidasanduka chizindikiro cha wopeza bwino. Mpeni wopinda wa Buck 110, umene udatuluka mu 1964 ndi kugulidwa miyandamiyanda, udavala ebony wamizere wa ku Makassar. Mu 1970 osula mipeni pamanja ku America adakhazikitsa bungwe lawo la Knifemakers' Guild, ndipo kuyambira nthawi imeneyo pakhala msika wa anthu ogula mipeni yoti aziisirira m'kabati, amene amafunsa dzina la thabwa asadayese kuthwa.

Kuti timvetse malo a phingo mumsika umenewu, tiyenera kuuyang'ana pafupi. Si mtengo wochititsa kaso ukaima m'tchire. Ndi waufupi, wokhota, wa minga, nthawi zambiri wa mathunthu angapo, ndipo umamera m'malo ouma kuyambira ku Senegal mpaka ku Eritrea n'kutsika kufika kumpoto kwa South Africa. Ukadulidwa, kunja kumaoneka mkombero wopyapyala woyera motuwira, ndipo mkati muli kuda kopita kofiirira, kolimba moti kumabunthitsa macheka. Kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu oposa 1,200, kotero chipika chake chimamira m'madzi. Kuti ufike poti n'kucheka pamadutsa zaka 70 mpaka 100. Opanga zitoliro za clarinet ndi oboe ku Ulaya, ndi zitoliro za thumba za ku Scotland, amaukonda chifukwa umabooleka mosalala, sumwa malovu ndipo susintha ndi nyengo. Koma chitoliro chimafuna chidutswa chowongoka, chopanda mng'alu, chopanda mfundo, chopanda kabowo ka kachilombo, pamene phingo wambiri ndi wa mphako ndi ming'alu ya moto wa m'tchire. N'chifukwa chake pamalo ochekera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, pa magawo 10 a chipika, pafupifupi 9 sakhala oyenera chitoliro, ndipo milu ya zotsala imaposa kutali katundu wopita kudoko. Zidutswa za zikumbu zambiri zimachokera m'milu imeneyi.

Pamenepa ndi pamene wosula mipeni amaimika chala, ndipo mawu ake ndi ofunika kuwamvetsera. Amati iye ndi wotola khunkha chabe: chidutswa chake cha masentimita 12 m'litali, 4 m'lifupi ndi 3 kuchindikala sichikwana n'komwe magalamu 200, ndipo kiyubiki mita imodzi ingaveke mipeni yoposa 5,000. Amati otha nkhalango ndi ena, ndipo akunena zoona. Chipwirikiti cha ndale chitabuka ku Madagascar mu 2009, odula adalowa m'nkhalango zotetezedwa za Masoala ndi Marojejy, ndipo rosewood wambiri adapita ku China kukasanduka mipando ndi mabedi a mtundu wa hongmu. Msika womwewo ndi umene udakokolola mukula ku Zambia ndi kudzaza makontena ku Beira, Nacala ndi Pemba, mpaka boma la Mozambique lidachita chipikisheni chachikulu cha Operação Tronco mu 2017. Kwathu kuno, tsanya amene wosula wa ku Ulaya angamugule pa kachidutswa akupsa m'mauvuni a makala. Poyerekeza ndi bedi kapena thumba la makala, chikumbu ndi dontho. Amene angaloze chala osula mipeni kuti ndiwo adatha nkhalango za Africa akunama.

Komabe kuyeza mlandu ndi sikelo yokha n'kuphonya pamene pagona nkhani. Chimene msika wa zokongola umatumiza kunkhalango si kuchuluka kwa oda, koma muyeso wa chimene chikulandiridwa. Umboni woonekeratu udachokera ku Cameroon. Mu 2011 kampani ya magitala ya Taylor, pamodzi ndi kampani ya Madinter ya ku Spain, idagula fakitale yochekera ebony ya Crelicam ku Yaoundé. Bob Taylor, mmodzi wa oyambitsa kampani ya Taylor, adafotokoza poyera zimene odula adamuuza: kuti ogula ankafuna ebony wakuda bii, kuti wamizere yoyera ankagulidwa motchipa moti kumusenza kuchoka m'nkhalango kudali kungodzivutitsa, ndipo popeza mtundu wa mkati sudziwika mtengo uli chiimire, ankagwetsa mitengo pafupifupi 10 kuti apeze umodzi, inayo n'kuisiya iolere pomwepo. Palibe wogula gitala kapena mpeni amene adalamula kuti mitengo 9 ifere chabe. Diso lake lokha ndilo lidalamula. Taylor adayamba kulipira wamizere mofanana ndi wakuda ndi kumuika pa magitala ake apamwamba, ndipo patapita zaka Buck nayo idayamba kuveka mpeni wake uja wa 110 ebony wa ku Crelicam. Palibe mtengo watsopano umene udayenera kumera kuti phindu lioneke. Chidasintha ndi chimene ogula adavomera kuchitcha chokongola. Zotupa nazo zili ndi nkhani yofanana. Ku California akuba ankalowa usiku ndi macheka a injini kukasema zotupa pa mitengo ya redwood ya zaka mazana ambiri, mpaka mu 2014 oyang'anira nkhalango adayamba kutseka msewu wina usiku. Ku chipululu cha Sonora, ironwood amene osula amamukonda zedi adapanikizika pakati pa osema ziboliboli ndi ootcha makala kufikira Mexico idamuika pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa mu 1994. Kachidutswa kakang'ono kakakhala ndi mtengo waukulu, kamatuma munthu kukafuna mtengo wakale kwambiri ndi wosowa kwambiri m'nkhalango yonse.

Ena amati ngati zili choncho, malamulo angoletsa basi. Malamulowo alipo, ndipo mbiri yake ikuphunzitsa zambiri. Pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zosowa, lidaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, ndipo mu 1992 lidaika rosewood wa ku Brazil m'gulu la zoletsedwa kotheratu. America idakulitsa lamulo lake la Lacey mu 2008 kuti likhudzenso matabwa odulidwa mozemba kunja, ndipo mu 2012 kampani ya magitala ya Gibson idalipira chindapusa cha madola 300,000 pa nkhani yokhudza ebony wa ku Madagascar. Mu 2013 rosewood ndi ebony wa ku Madagascar, pamodzi ndi cocobolo, adalowa m'gulu lofuna chilolezo. Mu 2016, pa msonkhano wa ku Johannesburg, banja lonse la Dalbergia, kuphatikizapo phingo, lidalowa m'gululo. Mu 2019 ku Geneva kudalowa mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo mu 2022 ku Panama kudalowa mlombwa, mbawa ndi msambamfumu pamodzi ndi abale awo a mu Africa. Woona mndandandawu mwachidwi aona kuti lamulo likuthamangira kumbuyo kwa nkhwangwa: mtundu umodzi ukatsekedwa, amalonda amalumphira pa wofanana nawo, monga muja dzina la ebony lidalumphira kuchoka pa phingo. Zilolezo n'zofunika, ndipo popanda izo zinthu zikadaipa koposa, koma chiletso chokha chili ndi mbuna yake. Mtengo umene mwini mudzi sangaugulitse mwachilungamo sukhala wopatulika. Umakhala chopinga m'munda kapena thumba la makala. Kampani yaikulu imatha kulemba ntchito munthu woyendetsa mapepala, pamene wosema wa pamsewu wa ku Senga Bay alibe ngakhale ya minibasi yokafika ku ofesi.

M'malamulo omwewo muli kampata kamene olemba za nkhalango kwathu sakakambakamba. Mu 2019 mayiko adagwirizana kuti zinthu zomalizidwa kupanga ndi mitengo yambiri ya banja la Dalbergia, ngati thabwa lake silipitirira makilogalamu 10 pa katundu wotumizidwa kamodzi, zisamafune chilolezo cha CITES, pamene zipika ndi matabwa osamalizidwa zikufunabe. Malamulo a dziko lililonse okhudza kudula ndi kutulutsa katundu akugwirabe ntchito, koma tanthauzo lake n'loonekeratu: njira ndi yopepukirapo kwa amene wamaliza chinthu kusiyana ndi amene akutumiza chipika. Makilogalamu 10 a phingo ndi zikumbu pafupifupi 50. Kwa zaka 3,500 mtengo wakhala ukuchoka kumene udamera uli chipika, ndipo ntchito yonse yokweza mtengo wake, kuumitsa, kucheka, kusankha, kusalaza, kutcha dzina, yakhala ikuchitikira kwina.

Kuti zingatheke mwina, mayiko awiri osiyana kwambiri asonyeza kale. Ku Finland, mpeni wa makolo wotchedwa puukko umavala chikumbu cha birch wamawanga, amene kumeneko amati visakoivu. Akatswiri a nkhalango atatsimikiza kuti mawangawo amayenda m'mbewu, alimi adayamba kumudzala m'minda yawo ya mitengo, kumutengulira ndi kumusamala kwa zaka 40 kapena 50, ndipo pogulitsa amamuyeza pa sikelo ngati fodya, osati pa kiyubiki mita ngati matabwa ena. Kukongola kudachoka m'manja mwa mwayi n'kulowa m'manja mwa mlimi, ndipo ndalama imatsala kwa mwini munda. Ku Kilwa, kumene kale kunkafikira minyanga ya kwathu, lamulo la nkhalango la Tanzania la 2002 lidalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo ndi kusunga ndalama za mitengo yake. Bungwe la Mpingo Conservation and Development Initiative lidathandiza midzi kuyeza malire, kuwerenga mitengo ndi kuika mlingo wa yodula pa chaka, ndipo mu 2009 lidalandira chiphaso cha FSC chotsimikizira kusamalidwa bwino kwa nkhalango, choyamba mu Africa cha nkhalango yachilengedwe yoyang'aniridwa ndi anthu a m'midzi. Chaka chomwecho mudzi wa Kikole udakolola phingo wake woyamba pansi pa dongosololi, n'kulandira ndalama zochuluka kambirimbiri kuposa timakobiri timene unkatola pamene wodula ankabwera ndi chilolezo cha kuboma. Midzi yotere imatentha tchire msanga udzu usadaumitsitse kuti moto wa m'chilimwe usapsereze timitengo, ndipo imalondera yokha, chifukwa wakuba tsopano akubera mudzi.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha nthawi. Munthu amene sukulu fizi ikufunika mwezi uno angadikire bwanji mtengo wa zaka 70? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sindingamunyoze bambo wa ku Chikwawa kapena ku Salima amene wasankha makala a lero. Koma a ku Kilwa sadadikire mbande kuti zikule. Adayamba kudya za mitengo imene idalipo kale, pang'onopang'ono, ndipo kudzala, monga kumene katswiri wa zomera wa ku Tanzania Sebastian Chuwa adalimbikitsa kufupi ndi phiri la Kilimanjaro kuyambira m'ma 1990, kumabwera ngati cholowa cha adzukulu. Apa ndiye kuchepa kwa chikumbu kumasanduka mwayi. Chitoliro chimafuna mtengo wangwiro, bedi limafuna mitengo yambiri, koma chikumbu chimalandira nthambi yokhota, chitsa chakale, mtengo wogwa ndi mphepo ndi zotsala za wosema. Palinso luso lomwetsa thabwa utomoni, pochotsa mpweya m'timabowo take ndi kuloweza utomoni m'malo mwake, limene limalimbitsa matabwa ofewa ndi oyamba kuola moti mango kapena jakaranda wamizere atha kukhala chikumbu cholimba. Osema a Chikamba ku Kenya, amene luso lawo lidakula ku Wamunyu itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ataona mpingo ndi muhuhu zikutha adayamba kutembenukira ku nimu, mango ndi jakaranda, ndipo ogula adazolowera. Lamulo la nkhalango la Malawi la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zake zoyang'aniridwa ndi makomiti a m'mudzi, kotero maziko ofanana ndi a ku Kilwa alipo. Chosowa ndi njira yolumikiza nkhalangoyo ndi wogula amene akufuna kudziwa mudzi umene chidutswa chake chachokera.

Luso la manja silikusowa. Amene adaona ziboliboli za Amakonde a ku Mueda, za ku KuNgoni ku Mua kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso mu 1976, kapena mipando ya mafumu ndi mabawo a pamisika ya m'mbali mwa nyanja, akudziwa kuti wosema wa kuno amaudziwa mtima wa phingo kuposa wina aliyense wakutali. Chomvetsa chisoni n'chakuti diso lakale lija, lofuna kuda kokhakokha, likulamulabe ngakhale pamisika yathu. Phingo atayamba kusowa, osema ena amatenga thabwa loyera n'kulipaka polishi wakuda wa nsapato kuti mlendo alione ngati phingo, ndipo amene wapeza phingo weniweni nthawi zina amasema n'kutaya mkombero woyera uja, kapena kuudetsa, poopa kuti wogula auyesa chilema. Chonsecho m'misika ya osula mipeni ku Ulaya ndi ku America, chidutswa cha phingo chimene kuda ndi kuyera zakumana pa mzere umodzi chimagulitsidwa padera ndi dzina lakelake, ndipo chilipo chifukwa wocheka wina sadachiponye pamoto. Pansi pa mtengo pamene wosema wakhala ndi sompho wake, tizidutswa totero timaunjikana m'mbali mwa mapazi ake tsiku lonse, ndipo madzulo ana amatitolera m'beseni kukasonkhera mbaula.